Anali Munthu Wotani?

Mlamu wanga Meder sankaopa imfa. Munthu amene wagwirapo ntchito ya positi m'mapiri a kumtunda kwa At-Bashy, pa hatchi, m'nyengo ija mpweya umaumira pa ndevu, imfa amakhala atapatsana nayo moni kangapo. Chimene ankaopa ndi funso lija moldo, shehe wa kwathu kuno, amafunsa thupi lili pabwalo, mapemphero atatha, amuna ataima m'mizere: "Abale, ameneyu anali munthu wotani?" Pamenepo khamu limayankha ndi mawu amodzi kuti anali munthu wabwino. Ndamvapo akuyankhira zidakwa ndi akuba nkhosa. Anamuyankhira ngakhale malemu mwamuna wanga, mkulu wake wa Meder, amene Mulungu akudziwa kuti anali ndi dzanja lofulumira. Koma Meder ankakhulupirira kuti pa tsiku lake amuna a mudzi uno adzangoyang'ana nsapato zawo, ndipo anali ndi chifukwa chake.

Dzina lakelo ndikulitchula lero poti mwini wake kulibe. Ali moyo sindikanayerekeza, mkazi wokwatiwa satchula maina a abale a mwamuna wake. Ndinkamuitana Wapositi. Iye ankanditi alamu, kapena akafuna kundiputa, bwana wa golosale, popeza golosale yokha ya m'mudzi muno ndi yanga.

Pamene ndinkakwatiwira kuno ndinamupeza ali kamnyamata ka mamina m'mphuno, koyankhula ngati wailesi. Atabwerako ku usilikali analowa positi, ndipo ntchitoyo inamukhala ngati anabadwa nayo. Panalibe khomo limene sanamwepo tiyi. Agalu a midzi itatu ankawadziwa maina. Kalata ankapereka ndi dzanja, nkhani za kutsidya kwa mtsinje n'kuwonjezera ndi pakamwa, zaulere. Chinthu chimodzi chokha ankachisunga: telegalamu ya maliro. Imeneyo sankapita nayo kunyumba ya mwini. Ankaipititsa kwa akuluakulu, iwo n'kuvala zipewa zawo zoyera, n'kupita pamodzi, kukakhala pansi, kuyamba ndi nkhani za udzu ndi ziweto, mpaka mwini nyumba atazindikira yekha, ali ndi anthu omugwira mikono mbali zonse.

"Uthenga wa imfa suponyedwa ngati fupa kwa galu, alamu," ankatero mwini wakeyo. Mawu amenewa muwasunge.

Kenako makalata anatha. Achinyamata anapita kukagwira ntchito ku Russia, mafoni anabwera, positi inatsekedwa. Hatchi yake inaterereka pa madzi oundana n'kumuthyola chiuno, ndipo asanayambe n'kuyenda bwino komwe, mkazi wake anamwalira. Munthu wa misewu uja anasanduka munthu wa pawindo, ndi ndodo pambali. Apa m'pamene mwana wake wamkazi Kunduz, amene amasoka zovala ku Moscow, anamutumizira foni ya galasi lalikulu n'kumulowetsa pa masamba a mchezo.

"Alamu, kanthu aka kandibwezera hatchi yanga," anandiuza, nkhope ikuwala.

M'mawa uliwonse dzuwa likangogunda mapiri, Meder ankajambula chithunzi ali pawindo lake n'kuchiponya pa tsamba, ndi moni pansi pake. Poyamba ankaona ndi ana a m'mudzi muno ali kunjawo. Kenako anzawo, kenako anzawo a anzawo, anthu osesa misewu, ophika m'malesitilanti, omanga nyumba zazitali, onse osowa kwawo. Anafika zikwizikwi. Ankamutcha bambo. Wina ankati mutijambulire denga la kwathu, wina ankati mukaone ngati ng'ombe yathu yabereka, iye n'kumatsimphina mudzi wonse ndi ndodo yake, akujambula.

Ine zimenezi zinkandiseketsa. "Wapositi, anzako zikwizikwiwo, ndani angakuwazire nkhuni?"

"Nanga inu bwana, anzanu amene amabwera pano osafuna mchere kapena machesi ndi angati?"

"Choka apa, ukunditchingira makasitomala."

Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi windo lake, kuli nyumba ya mayi Burul, mkazi wamasiye wa mwana mmodzi. Mwanayo, Ilgiz, ankamanga nyumba ku Moscow, ndipo pa anzake onse a Meder, iye ndiye ankayamba kuika kamtima kofiira pa chithunzi cha m'mawa. Anachita kupempha kuti nyumba ya mayi ake izionekamo. Ankati, "Bambo Meder, mayi ndikawaimbira amangoti ndili bwino, ngakhale akudwala. Koma ndikaona utsi pa chumuni ndimadziwa kuti adzuka." Kuyambira pamenepo chithunzi chilichonse chinkakhala ndi mapiri kumbuyo, ndi denga la mayi Burul kutsogolo.

Tsiku limene Ilgiz anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene ankamanga, anzake anaimbira a Sagyn, achimwene a malemu bambo ake, monga mwa mwambo. A Sagyn anaitana akuluakulu. Koma mmodzi wa anyamatawo analemberanso Meder. Ndipo Meder, Meder wa telegalamu yemwe uja, anatenga chithunzi cha Ilgiz akumwetulira atavala chipewa cha kuntchito, n'kuchiika kansalu kakuda pangodya, n'kuchiponya pa tsamba.

Nthawi imeneyo mayi Burul anali mu golosale mwanga, akusankha masamba a tiyi. Mtsikana wina wa kumunsi kwa mudzi anali pamzere kumbuyo kwawo, maso pa foni monga amachitira onsewa. Ndinangomva wakuwa, "Mayo ine, Ilgiz!" Mayi Burul anatembenuka n'kumulanda foni ija modekha. Maso awo sankaonanso tizilembo ting'onoting'ono, koma nkhope ya mwana wawo anaiona.

"Bwanji mwana wanga mwamumangira kansalu kakuda?" anafunsa.

Anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kukhala pa thumba la ufa, paketi ya tiyi ili m'manja. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo pambuyo pake sindifuna kuwamvanso mpaka ndidzafe. Akuluakulu anali asanatuluke n'komwe pa geti la a Sagyn, anali akadali kuvala nsapato.

Ndinatseka golosale n'kuthamangira kwa Meder, ndipo ndikanakhala ndi mpini ndikanamuswa nawo. "Iwe! Iwe wa fupa ndi galu iwe! Wachita chiyani?"

Anali atakhala pa bedi, milomo ili mbuu. "Ndimafuna anyamata a kunjako amve msanga, asonkhane, atumize thupi. Chala chinathamanga, alamu. Ndafufuta."

"Wafufuta? Kafufute m'maso mwa mayi Burul!"

Mudzi wathu sukalipa. Ukakalipiridwa kuno dziwa kuti akukukondabe. Meder palibe anamunena, kupatula ine. Kungoti moni wake anthu anayamba kuuyankha ndi mutu. Ku maukwati anasiya kumuitana. Pa chakudya chokumbukira Ilgiz patatha masiku makumi anayi, Meder anapita, nakhala kumapeto, ndipo pogawa nyama a Sagyn anamudumpha ngati pamalopo pali chikhotho chopanda munthu. Anayesa kamodzi kuwoloka msewu kukapepesa. Mayi Burul anamuona akubwera, anatseka geti pang'onopang'ono, n'kulowa m'nyumba. Sanayesenso. Chifukwa cha manyazi anasiya kupita ngakhale ku maliro a ena, n'kumangotumiza tizithunzi ta manja opemphera pa foni, ngati tizithunzi timakumba manda. Maliro n'kulirana. Anthu amaiwala zambiri, koma saiwala amene sanaponye dothi m'manda a mbale wawo.

Anzake a pa foni, iwo, anamukhululukira tsiku lomwelo. Ambiri sanadziwe n'komwe kuti pali chokhululuka. Ndiye anabwerera kwa iwo ndi mtima wonse, n'kuyambiranso kujambula mapiri ndi denga lija, poti windo lake linalibe kwina koyang'ana.

M'mawa wina, chipale chofewa choyamba chitagwa, analowa mu golosale. Anadikira mpaka kasitomala womaliza atatuluka.

"Alamu, taonani ichi. Mundiuze ngati maso anga ndi amene afa."

Pansi pa chithunzi cha m'mawa umenewo panali timitima tambirimbiri. Koyambirira kanali ka Ilgiz. Nkhope yomwe ija, chipewa chomwe chija, kumwetulira komwe kuja.

Tsitsi linandiimirira, koma sindinafune aone. "Foniyo anaba wina ku Moscow komweko. Ndi kamnyamata kena kakusewera."

"Wakuba angasankhe chithunzi changa? M'mawa, nthawi yake yomwe ija?"

M'mawa wotsatira kamtima kanabweranso. Ndi wotsatirawo. Sikankaika ndemanga, sikankaoneka pa tsamba la munthu wina aliyense, ndinachita kufufuza ndekha. Kankangobwera dzuwa likangotuluka, pa chithunzi cha Meder basi. Patapita sabata Meder analimba mtima, anajambula mawu n'kutumiza ku nambala ya Ilgiz. Anapepesa, analira. Kenako anakhala n'kumayang'ana timizere tiwiri tija tosonyeza ngati uthenga wamvedwa. Tiyi asanazizire, tinasanduka tabuluu.

"Wamva," anandiuza monong'ona. "Alamu, akumva."

"Pita kwa moldo akakuwerengere mapemphero. Akufa samva mafoni."

"Nanga amoyo akundimva?"

Ndinamaliza tiyi wanga n'kunyamuka.

Zinapitirira zaka. Ndikamamupititsira mkaka m'mawa ndinkamupeza ataima pawindo, chipumi chitatsamira galasi, foni pakamwa, akuyankhula motsitsa ngati munthu wofuna asadzutse khanda. Yankho silinabwerepo ngakhale limodzi. Timizere tokha, tsiku ndi tsiku, kusanduka tabuluu. Anayamba kuwonda. Ankaika makapu awiri patebulo, ndikamufunsa ankati waiwala. Nkhani inamveka m'mudzi, monga nkhani zonse zimamvekera, ndipo sindikana kuti inadutsira mu golosale. Amayi anayamba kukoka ana awo podutsa pa geti lake. Wina anati amamuona akuseka yekha pawindo. Wina anati galu wa mayi Burul amalira nthawi yomwe Meder wayamba kuyankhula. Ine ndemwe ndinkati ndikalowa m'nyumba mwake ndinkamva ngati muli munthu wina amene wangokhala chete chifukwa ndalowa.

Nthawi zina ankandiima pakhomo. "Alamu, utsi wachedwa lero kutsidyaku. Takawaoneni." Kapena, "Malasha awathera, auzeni a Sagyn, koma musanene kuti ndanena ndine."

"Wakutuma ndani, Ilgiz?" ndinkatero. Nthawi zina ndinkapita, nthawi zina ndinali ndi katundu woti ndilandire. Ndikapita mayi Burul ankati ali bwino.

Tinkakangana za anzake aja pafupifupi sabata iliyonse. Ine ndinkati mnzako ndi amene wadya naye mchere, amene akudziwa fungo la nyumba yako. Iye ankati amene anadya nawo mchere ndi omwe akumuyang'ana ngati chitsa. Ankandionetsa mauthenga: mayi wina wa ku Osh amene anati zithunzi zake zinamuchiritsa mtima ali m'chipatala, woyendetsa lole wina wa ku Batken amene ankamuuza zinsinsi za banja lake. "Awa si anthu, alamu?"

"Ndi anthu, koma amakonda mapiri ako, osati iwe. Iwe akukudziwa?"

"Ilgiz akundidziwa. Akudziwa chimene ndinachita, koma amabwerabe."

Pa anzake onse, wa pa foni ndi wa pamsewu, amene ankamudalira anali wa kumanda.

M'nyengo yozizira yapitayi mphepo inagwetsa mlongoti wa netiweki. M'mudzi monse mafoni anangoti zii. Malo okha amene munthu akanagwira kanetiweki ka mudzi wa kutsidya anali pa chitunda cha kumanda, pakati pa timanyumba tadothi ta akufa. Anthu amoyo wabwino anadikira kuti akonze. Meder sanadikire. Ndinamuona ndi maso anga ndili pakhomo la golosale, kadontho kakuda kakukwera m'chipale, kakuima, kakukweranso. Anakaima pafupi ndi manda a Ilgiz, dzanja m'mwamba, kuti uthenga upite kwa munthu amene anagona pamapazi ake.

Uthenga unapita, koma timizere sitinasinthe. Mawa lake anakweranso, ndi mkuja. Timizere tili phulusa. "Wandisiya," anatero, akutsokomola. Pamene ankadzutsa mlongoti uja, timizere tonse tinasanduka tabuluu nthawi imodzi, koma Meder anali atagona kale, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale.

Adokotala anabwera, anapereka mankhwala, n'kundiitanira panja kuti ndiuze Kunduz agule tikiti. Masana amenewo ndikumumwetsa msuzi, anandigwira dzanja.

"Alamu, moldo akadzafunsa, adzayankha ndani?"

"Usandiyankhule zopusa. Imwa."

"Ana anu ali ku Russia. Inu mudzakhala m'kati ndi amayi, simuloledwa. Amayamba kuyankha ndi a Sagyn nthawi zonse, ena amangotsatira. A Sagyn akadzatseka pakamwa, ndidzapita wopanda mboni, ngati galu."

Ndinafuna kumunamiza, koma pakamwa panga sipanazolowere. Ndiye analembera anzake kuti akudwala, ndipo akadzamva kuti wapita abwere adzamuyankhire. Foni inatentha. Tibwera bambo. Musatero bambo. Ndinu munthu wabwino kuposa onse, bambo. Anandiwerengera mpaka mawu anamuthera, kenako anaiika pachifuwa n'kutseka maso, akumwetulira.

"Mwaona? Adzadzaza bwalo."

Anamwalira Kunduz atangofika.

Tinamanga chihema chathu chaubweya pabwalo, tinamugoneka m'kati kuseri kwa nsalu, hatchi inaphedwa ya nyama ya pamaliro, monga mwa mwambo. Amuna a m'mudzi anabwera, poti maliro sakanidwa, koma kulira kuja amalira amuna akamayandikira chihema kunali kwaufupi, kongochotsa mwambo. Kunduz analengeza pa tsamba la bambo ake, ndipo tinkhope tolira tinagwa ngati matalala. Maso anga anali kumsewu. Galimoto iliyonse ikamveka ndinkakweza chitseko cha chihema. Inali ya malasha, inali ya akuchikazi. Mlendo wa pa foni sindinamuone ngakhale mmodzi. Ena anali kutali, n'zoona, ndipo msewu wa kumapiri unali woipa. Koma ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya.

M'mawa wa tsiku loika, chitseko chinakwezedwa, n'kulowa mayi Burul. Kulira kunaima. Tinawapatsa malo aulemu, anakana. Anakakhala m'mbali, msana utatsamira khoma la chihema, mbali imene amuna amaima kunja. Sanalire, sanapereke moni. Manja anali m'kati mwa chikhotho.

Amuna analowa, ananyamula thupi n'kutuluka nalo. Ife tinatsala m'kati, tikumvera kudzera mu ubweya. Tinamva mapazi akupanga mizere pa chipale, tinamva mapemphero. Kenako mawu a moldo, mwana wa dzulodzulo amene wangobwera kumene kuchokera ku maphunziro.

"Abale, Meder anali munthu wotani?"

Zii. Ndinamva khwangwala kutali. Ndipo m'kati mwa bata limenelo china chake chinayamba kulira m'chihema momwemo, chapansipansi, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Inali foni ya Meder, m'thumba la chikhotho chake chimene tinachipachika pakhoma. Inkanjenjemera, n'kuleka, n'kunjenjemeranso, mkono wa chikhotho n'kumagwedera pang'ono. Anzake zikwizikwi anali kuyankha, m'thumba, mopanda womva. Mayi wina anasendera kutali nacho.

"Abale," anatero moldo kachiwiri, "ndafunsa. Anali munthu wotani?"

Wina anatsokomola. Chipale chinalira pansi pa nsapato ya wina. Pambuyo pake aliyense anadzati ankadikira a Sagyn ayambe. Kunduz anandikanikiza zala pa mkono mpaka zinasiya zipsera. Ine, mayi wa pakamwa ponseponse, mawu anali pakhosi, koma mwambo unandikhala pa lilime ngati mwala. Mkazi sayankha funso limenelo. Sindinamvepo, ngakhale kwa agogo anga.

Moldo anafunsa kachitatu, ndipo aliyense akudziwa kuti palibe kachinayi.

"Anali munthu wabwino."

Mawuwo anachokera pambali panga. Mayi Burul anali atatembenuza nkhope kukhoma, pakamwa pafupi ndi ubweya, ndipo ananena mokweza ngati akuitana ng'ombe kutsidya kwa mtsinje. "Mwagontha kunjako? Ndati anali munthu wabwino! Sagyn, mwana anali wanga, osati wako. Yankha!"

Kenako mawu okalamba a a Sagyn, ngati akuchita kuwakoka ndi chingwe: "Anali munthu wabwino." Ndiye bwalo lonse linatsatira, ndipo ubweya wa chihema unachita kunjenjemera. Kunduz anagwera pamiyendo panga.

Amuna atanyamuka kupita kumanda, ndinasendera kwa mayi Burul. "Mayi, mwa anthu onse, inuyo?"

Anatulutsa manja m'chikhotho. Munali kanthu kokulunga mu mpango. Anamasula pang'onopang'ono: foni yakale, galasi losweka pangodya. Anakanikiza ndi chala chopindika, ngati munthu wozolowera. Ndipo m'chihema mmene thupi linali litangotuluka, munamveka mawu a Meder, akupuma movutikira.

"Ilgiz, mwana wanga, ndine. Lero pawindo ndachita kukwawira. Utsi watuluka, usadandaule, koma wachedwa, ndiponso ndi wochepa. Ndikuganiza akusunga malasha. Dzulo anaterereka pa geti koma sanagwe, anagwira mtengo. Mpango uja unawatumizira akuvalabe. Ine ndikubwera konko. Ngati kuno sandiyankhira, iwe usadzandibisire nkhope. Ndiwe wekha unandimvera."

Amayi ena anabisa nkhope m'mipango. Wina anathawira panja.

"Inabwera m'chikwama chake, pamodzi ndi thupi," anatero mayi Burul. "Mnzake wina anandiikira kakhadi ka kuno, n'kundionetsa pokanikiza kuti ndiziona zithunzi za mwana wanga. Tsiku lina nditsegule, ndikuona nyumba yanga, ndi utsi wanga. Ndinati kani ichi n'chimene mwana wanga ankadzukira. Ndinachigwira ndi chala, kamtima n'kutuluka. Kenako uyu anayamba kuyankhula."

"Zaka zonsezi, mayi? Osamuuza? Munthu wafa akuganiza kuti amacheza ndi mzimu! Anakwera kumanda m'chisanu chifukwa cha foni imeneyi!"

"Ndikudziwa. Ndinkamuona akukwera, ndili pawindo." Anakulunganso foni ija. "Khutu linkamufuna, mtima unkamukana. Ndikanamuuza akanachita manyazi, akanasiya. Anabwera kamodzi, ndinamutsekera geti. Ndinali ndi ufulu wotseka. Ndinkadikira abwere kachiwiri, ndikanatsegula. Koma iye mawu ake ankawatumiza kumwamba, azungulire ku Moscow, adutse kumanda, kuti awoloke kamsewu aka." Anandiyang'ana. "Inu nonse mumati muli bwanji mayi, ine n'kuti ndili bwino, basi mwadutsa. Amene ankadziwa tsiku limene utsi wachedwa ndi amene mwamutulutsayu."

Mpaka lero sindidziwa ngati ndiwathokoze kapena ndiwakwiyire.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, tinamva mwamuna akulira mokweza mumsewu, kulira kwenikweni, kochokera m'mimba. Titatuluka tinapeza lole itaima, ndi bambo wamkulu thupi atagwira geti la mayi Burul, akufuula, "Bambo anga, bambo anga!" Anali woyendetsa lole wa ku Batken uja. Anayenda usana ndi usiku, chipale n'kumutsekera pamwamba pa phiri. Anafikira pa geti lolakwika chifukwa nyumba yokha imene ankaidziwa ndi ya m'zithunzi. Tinamuwolotsa msewu, tinamupatsa tiyi ndi nyama, ndipo a Sagyn anamuperekeza kumanda kuti akaponye dothi lake. Mmodzi pa zikwizikwi, wochedwanso. Koma misozi yake inali yamadzi, ndinaiona, ndipo za anthu a pa foni ndinasiya kuyankhula mokweza monga kale.

Kunduz anabwerera ku Moscow, chihema tinachiphwasula, nyumba ya Wapositi tinaikhoma. M'mawa woyamba msewu uli wopanda anthu, ndisanatsegule golosale, miyendo inanditengera kumtunda. Ndinaima pa geti lake, pansi pa windo lija, n'kuyang'ana kutsidya. Dzuwa linali litagunda kale mapiri. Denga la mayi Burul linali mbee ndi chipale, ndipo pa chumuni panalibe kanthu.

Ndinadikira. Dzanja linapita lokha m'thumba kukatenga foni kuti ndiimbire a Sagyn. Ndinaibwezera momwemo, n'kuwoloka msewu. Geti linali losakhoma. Ndinagogoda pachitseko n'kukankha.

Anali atakhala pampando pafupi ndi mbaula yozizira, atavala chikhotho ndi mpango uja, foni ili pamiyendo. Nkhuni ndi malasha zinali zitaikidwa kale m'mbaula, machesi ali pambali.

"Mayi! Mukudwala? Bwanji osakoleza moto m'chisanu chonsechi?"

"Sindikudwala," anatero. "Ndimafuna ndione ngati watsala wina."

Ndinagwada n'kutenga machesi.